Kokonati Zimene Renato Ankathyolera Bambo Ake

Tsiku lomaliza limene Renato anaona bambo ake ali moyo, anali atakhala pa benchi yansungwi pakhomo, akumwa madzi a kokonati yaiwisi. Mapazi awo anali atatupa moti patapata sankalowa.

"Taonani wophunzira wathu," anatero bambo akewo, a Crisanto, akupukuta pakamwa. "Zaka ziwiri ku koleji, ntchito yake kukwera mitengo ngati pusi."

"Imwani basi, Tatay. Mukachira muzidzakwera nokha," anayankha Renato. Tatay ndiye kuti bambo m'chinenero chakwawo.

"Undithyoleretu ina yamasana."

Anawathyolera, n'kupita kumunda. Pobwerako dzuwa lili paliwombo anapeza amayi a m'mudzi atadzaza pakhomo, akulira.

Renato anasiya koleji mumzinda wa Lucena pamene impso za bambo ake zinaleka kugwira ntchito. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankawaperekeza kuchipatala kukasefa magazi pa makina. Iye sankalowa. Fungo la mankhwala linkamuchititsa nseru, choncho ankadikira panja akuseweretsa foni. Kunyumba ankachita chimene aliyense m'mudzimo anamva kwa makolo ake: madzi a kokonati yaiwisi amatsuka impso. Zitatu patsiku, osaphonya.

Atatha mapemphero a maliro a masiku asanu ndi anayi, namwino Marivic wa pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo anabwera kudzapepesa. Anaona mulu wa makoko kuseri kwa nyumba, n'kuima.

"Zonsezi ankamwa ndani?"

"Tatay. Ndinkawathyolera ndine."

Marivic anakhala pansi. "Tamvera, mchimwene wanga. Kwa munthu wa impso zabwino, madzi amenewa alibe vuto. Koma muli mchere wina wosamveka pa lilime, wotchedwa potaziyamu. Impso zikafooka zimalephera kuutulutsa. Umachuluka m'magazi, ndipo mtima umatha kungoima mwadzidzidzi."

"Ndiye kuti ndinawapha ndine?"

"Sindinatero, ndipo palibe angadziwe. Matenda awo anali aakulu. Koma kuchipatala sanakupatseni pepala la zakudya?"

Pepalalo Renato analipeza tsiku lomwelo m'thumba la jekete la bambo ake, litapindidwa kanayi. Madzi a kokonati anali pa mzere wachiwiri wa zinthu zoyenera kupewa. Mwina bambo ake analibisa poopa kulandidwa nsomba zawo zouma zamchere. Mwina sankafuna kukhumudwitsa mwana amene ankawakwerera mtengo m'mawa uliwonse. Renato anaseka kuseka kowawa. Mabuku onse aja anawerenga ku koleji, koma kapepala kamodzi ka m'thumba la bambo ake ayi.

Patangopita miyezi iwiri, azakhali ake a Luding, amene ankadwala shuga kwa zaka zambiri, anauzidwa kuti nawonso impso zawo zafooka kwambiri. M'bale wa bambo ake amene anatsala anali yekhayu. Ulendo uno Renato analowa nawo kwa dokotala, cholembera chili m'manja, n'kufunsa mpaka dokotalayo anaseka.

M'mawa mwake kunabwera a Berting, mnzawo wa malemu bambo ake, atasenza phava la kokonati.

"Luding, mankhwala ako awa! Bweretsa chikwanje, mwana iwe."

"Pepani, a Berting. Azakhali samwa."

"Iwe wayamba liti udokotala? Sukulu yake unathawa ija? Agogo ako anamwa madzi amenewa mpaka mano onse kutha."

"Agogo impso zawo zinali zabwino."

"Nanga bambo ako sunkawapatsa ndiwe?"

Renato analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pepala lija. "Ndinkawapatsa ndine, eya. Zitatu patsiku. Werengani mzere wachiwiri."

A Berting anawerenga milomo ikuyenda. Anavula chipewa. "Inenso ndinkawabweretsera Loweruka," anatero motsitsa mawu.

"Imwa wekha, Berting," anatero a Luding ali pawindo. "Impso zako n'zachitsulo. Mowa wakale uja zinapirira."

Kukhitchini nkhondo inali yaikulu kuposa imeneyi. Renato anachotsa patebulo botolo la msuzi wa nsomba wamchere uja umene a Luding ankathira m'chilichonse. Nsomba zouma, zakudya zam'chitini ndi tizakudya tam'mapaketi zinaleka kulowa m'nyumbamo. Ankagula nsomba yaiwisi, n'kuphika kachidutswa kolingana ndi chikhatho, ndi adyo, jinja ndi mandimu. Mbatata ndi maungu ankazidula tizidutswa, kuziwiritsa m'madzi ambiri, madziwo n'kutaya. Nthochi anazilowetsa m'malo ndi kachidutswa ka chinanazi. Madzi akumwa ankayeza m'botolo monga ananenera dokotala.

"Chakudya chako chikukoma ngati pepala," ankadandaula a Luding. "Ukufuna ndife ndi njala?"

"Mudzanditukwane muli moyo, azakhali. Ndizimvera."

Ankadya, uku akutukwanadi.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, Marivic anawerenga zotsatira za magazi awo n'kumwetulira. Potaziyamu anali atatsika, kuthamanga kwa magazi kunali bwino, ndipo dokotala anati makina aja angadikire kaye. A Luding anabwerera kunyumba wapansi, patapata ali kumapazi.

Marivic anapempha Renato kuti akalankhule kwa mabanja a odwala impso pachipatala paja. Sananene zambiri.

"Chimene chimathandiza munthu wa impso zabwino chikhoza kuvulaza munthu amene impso zake zafooka. Musam'patse madzi a kokonati, zipatso zambiri kapena mankhwala azitsamba musanafunse achipatala. Chepetsani mchere. Odwala amasiyana, choncho tsatirani zimene dokotala wanena za wodwala wanuyo. Ndipo mukamuperekeza, musadikire panja. Lowani, mumve nokha, pepalalo muwerenge."

Mayi wina anakweza dzanja. "Nanga bambo anuwo, zinathandiza?"

"Ayi, mayi. Ndinawerenga mochedwa."

"Anatisiya liti?"

"Lolemba, pa 14 Okutobala 2019."