Mwala wa Pansi pa Tayala

Mu 1954 amuna anga, a Kaliati, anawasamutsa kuchoka ku Nkhulambe kuti akaphunzitse ku Kaduya. Katundu yense tinamulonga m'chingolo cha denga la malata chomwe anagula kwa mzungu wina wa fodya. Chinali chachikulu ngati khitchini, cha matayala anayi, koma chopanda mabuleki. Ine ndi mwana wathu Fanny, wa miyezi isanu ndi iwiri, tinayenera kukwera momwemo. Chotsala chinali kusankha choti chitikoke podutsa pampata wa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pomwe msewu umatsetsereka moopsa.

Panabwera anthu awiri: a Davison ndi lole yawo yobiriwira, ndi a Amidu ndi ng'ombe zinayi. Amuna anga mtima unali pa lole. Anaizungulira, kuisisita, nkumafunsa ngati ingakwere chitunda ndi katundu wotere. A Davison anaseka, amvekere lole yawo inakokapo matumba a mpunga makumi asanu kuchokera ku Chilwa osatsokomola.

Ine ndinali pakhonde kuyamwitsa, koma maso ali pa mapazi a a Davison. Pofika paja ndinawaona akupondaponda buleki kanayi lole isanaime. Atatsika anagwetsa mwala, nkuukankhira pansi pa tayala ndi phazi uku akukamba za mvula, ngati phazilo si lawo. Chonsecho pabwalo pathu palibe chitunda. Mwalawo unali wosalala mbali imodzi, ndipo unachokera m'lole momwemo.

Ndinawanong'oneza amuna anga. Iwo anati ine ndimaopa ndi chithunzithunzi changa chomwe, ndipo kusukulu ndinaphunzira Chingerezi, osati magalimoto.

Ndinabereka Fanny nkupita kukagwada pafupi ndi alendowo.

"A Davison, ulendowu ndi wautali, ndekha ndisungulumwa. Bwanji amayi akunyumba ndi khanda lawo lija akwere nane m'ngolomu? Mubwerera nawo."

Anayankha msanga kuti mayiwo agona ndi malungo. Ndinati pepani, koma m'mawa uno ndinawaona kuchitsime atasenza ndowa. Apo anasintha, akuti khandalo limadana ndi fumbi. Kenako maso awo anagwera pa mwala uja.

Amuna anga anawayang'ana, nkuwafunsa:

"Kukwera mwati ikwera. Nanga kutsika?"

"Kutsika timapemphera, aphunzitsi."

A Amidu, omwe nthawi yonseyi ankangoingitsa ntchentche pa ng'ombe zawo, anapempha chipika cha mtengo wauwisi. Anachimangirira ndi tcheni kumbuyo kwa ngolo kuti chizikhwekhwereza pansi potsika. Anatiuziratu kuti tiyenda masiku awiri, ndipo mbale zina zisweka.

Zinasweka zitatu. Titafika pamtsetse ndinatsika, nkuyenda wapansi kumbuyo, Fanny ali kumsana. A Amidu anandifunsa ngati ng'ombenso sindikuzikhulupirira. Ndinati ng'ombe zilibe mlandu, koma tcheni chawocho ndinali nditachiona kale: mphete imodzi inali yolumikiza ndi waya.