Kadzanja ka Pakhoma

"Dzanja ili lichoke," anatero Carol, akuloza khoma ndi foni yake. "Tikalichepetsa kuti likwane pa Fesibuku likumaoneka ngati kangaude."

Kalioti anatula chitini cha penti mwaukali mpaka penti anadonthera pansapato. Iyeyu ndiye ankasamalira kanyumba ka sayansi ka pa Bangula, momwe ana asukulu ankadzaonamo chibade cha ng'ona, dothi lophikira mchere ndi makina akale opotera thonje. Chizindikiro cha pakhomopo anajambula yekha: dzuwa, galasi lokuzira zinthu, ndipo pakati pake kadzanja kachikasu ka mwana. Tsopano komiti inali itapatsa ntchito Carol, mtsikana wa ku Nchalo wodziwa kujambula pakompyuta, kuti akonze chatsopano choti chizikwana pafoni ndi pamalaya.

"Kangaude?" Kalioti anafunsa. "Achemwali, limenelo ndi dzanja la mwana wanga."

Zoona, kadzanjako sikanali ka burashi. Tsiku lopenta khomalo, mwana wake Ella anaviika dzanja m'chitini bambo ake atayang'ana kumbali, n'kudinda pakhoma phwa! Kalioti anakalipa, kenako anaseka, n'kukasiya momwemo. Chaka cha namondwe chija madzi anatenga nyumba yawo, zithunzi zonse, ndi Ella yemwe. Padziko lonse, chomwe chinatsala cha mwanayo chinali zala zisanuzo.

Kalioti atamufotokozera zimenezi, Carol anagwira pakamwa. "Pepani bambo, sindimadziwa. Ndikalankhula ndi akomiti. Dzanjalo ndilikonza bwinobwino lilowe m'chizindikiro chatsopanocho, ndipo mwana aliyense wobwera pano azilivala pamalaya."

Mtima wa Kalioti unakhala pansi. Masana anapalasa njinga kunka kunyumba osalimva n'komwe dzuwa la pa Bangula, lija lopsereza mutu. Anapeza mkazi wake Lettie akupeta mapira pansi pa mtengo wa nimu, ndipo nkhani anaiyamba asanatsike n'panjinga pomwe.

"Amake Ella, ndawagonjetsa! Dzanja silichoka. Likhala mpaka pamalaya a ana asukulu."

Lichero linaima. "Pamalaya?"

"Eya, pachifuwa penipeni."

"Ndiye kuti ana onse a pa Bangula azindidutsa pamjigo, kutchalitchi, kumsika, atavala dzanja la mwana wanga?" Lettie anaika lichero pansi pang'onopang'ono. "Nkhabe, abambo ake Ella. Zimenezo ine nkhabe, ndakana."

"Kodi sukufuna anthu azimukumbukira?"

"Munayamba mwandifunsapo chifukwa chomwe ndimazungulirira kunjanji ndikamapita kumsika? Mumandiseka kuti ndimathawa fumbi la malole. Ndimathawa khoma lanulo. Ndikangoona kadzanja kaja kali m'mwamba, ndimaona mwana akundiitana m'madzi muja, ine osamufikira." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Akuluakulu anatisambitsa, maliro tinatsiriza kuti mwana agone. Koma inu mwamuimika pamsewu, padzuwa, zaka zonsezi."

Manyazi ndi chisoni zinamugwira Kalioti pamodzi. M'mawa uliwonse ankapukuta kadzanjako ndi nsalu, akudziona ngati bambo wosaiwala mwana wake, osadziwa kuti mkazi wogona naye nyumba imodzi akutalikitsa ulendo chifukwa cha iye. Anayesa kunena kuti palibenso china chotsala, koma Lettie anali atatola kale lichero lake, nkhope atayang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka anabwerera kuntchito. Anapeza Carol atakhala pakhonde, kadzanja katawala kale pakompyuta yake, kosalala bwino.

"Kafufuteni, achemwali," anatero. "Jambulani dzuwa ndi galasi basi."

"Bwanjinso bambo? Akomiti avomera."

"Amayi ake sanavomere."

Carol anatembenukira kukhoma. "Ndikajambule kaye ndi foni kapakhomako, muzikasunga?"

"Takhuta, zikomo. Koma chithunzicho munditumizire ine ndekha."

Kalioti anatakasa penti woyera ndi kamtengo nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Anayamba kufafaniza dzuwa, kenako galasi, kadzanja n'kukasiya komalizira. Atakafika anapuma mozama, n'kudutsitsa burashi kamodzi, mwamsanga.

Penti atauma, zala zachikasu zija zinkaonekerabe pansi pake. Kalioti anakhala pamasitepe akuziyang'ana mpaka mthunzi unafika pamsewu. Kenako anadzuka, n'kuviikanso burashi.