Zala Ziwiri Pansi pa Lamba

"Ayi... aitaneni akazi anga aang'ono," anatero Ambrosio mokoka mawu, uku akuthawitsa mutu.

Ellen anaima ndi masiki m'manja. Linali tsiku lachitatu chibwerereni makina othandiza kupuma m'nyumba mwawo ku Clondalkin, kutsidya kwa nyanja. Matenda a motor neurone, omwe anayamba ndi kufooketsa manja a mwamuna wake, tsopano anali atafika pachifuwa. Nesi Gerard anawauza kuti Ambrosio azivala masikiyo ola lathunthu masana kuti azolowere. Akapanda kuzolowera pofika Lachisanu, akagonekedwa kuchipatala, kumene chaka chimenecho odwala ankadikira bedi m'makonde. Ambrosio ankaopa kumeneko kuposa matendawo.

Ellen akamuveka, sipankatha mphindi zisanu asanayambe kuphupha. Akamuveka Sandra, mng'ono wake wa Ellen, munthu ankafika posinza.

Sandra ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown, koma chichepetsereni masiku ake a ntchito ankangokhala pakhomo. Zakuti "akazi anga aang'ono" zinali nthabwala zapachilamu, ndipo Ellen anaziseka zaka khumi ndi ziwiri. Sabata imeneyo zinaleka kuseketsa.

Sandra analowa akupukuta manja. "Alamu, mwayambanso kuvutitsa akuluakulu?"

Anakhala pakampando kake pambali pa mlamu wakeyo n'kumuveka mofulumira, makina n'kuyamba kufuza. Ambrosio anatseka maso ngati wamwa madzi ozizira. Ellen ndiye ankamusambitsa, kumumeta ndi kumudyetsa ndi supuni. Koma mpweya, mpweya weniweniwo, ankaulandira kwa Sandra.

Anakokera mng'ono wakeyo kukhitchini.

"Iwe, mlendo ndi mame. Usaiwale."

"Mlendo yemweyo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, achemwali."

"Umam'nong'oneza chiyani ukamawerama?"

"Ine? Ndimawafunsa ngati lobola wanga wakonzeka." Sandra anaseka, koma ataona nkhope ya mkulu wake anasiya. "Mumamanga ngati mukubereka mwana kumsana. Gerard anati zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba."

"Ukamasula, mpweya umathawira m'mbali. Ndimaumva ndi makutu angawa. Ukufuna afe?"

"Nanga bwanji simuwafunsa eni mphuno?"

"Eni mphunowo amandiuza chiyani ine? Amaitana iwe."

Ola litakwana, Sandra anavula mlamu wake masikiyo n'kuipukuta. Ellen anailanda, nakhala pampando moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Ndiveke. Umange m'mene ndimamangira ine."

Sandra anakoka malamba mpaka kumapeto n'kuyatsa makina. Mphepo inamulowa Ellen mwamphamvu, pulasitiki ikumuluma pamwamba pa mphuno. Anafuna kunena kuti basi, mawu n'kubwerera kukhosi. Manja ake anathamangira kumutu n'kuizula. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe.

Ali wefuwefu, anayang'ana manja a Ambrosio ali lende pamiyendo, kenako kachilonda kofiira pamphuno pake. Masiku atatu onsewo iye ankati ndi ziwengo.

"Osandiuza bwanji, bambo a Thomas?"

"Mukanalira," anatero Ambrosio. "Mukalira... ndimabanika kawiri."

"Ndiye munaona kuti bola mitala?"

Mapewa a Ambrosio anagwedezeka. Kumeneko ndiye kunali kuseka kwake masiku amenewo.

Madzulo dzuwa lisanalowe Ellen anamuveka yekha. Analowetsa zala ziwiri pansi pa lamba, mtima ukumuuza kuti akokenso, koma anaugwira. Kampweya kanalira m'mbali. Anaisuntha pang'ono masikiyo, kulirako n'kusiya. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri. Ambrosio anayamba kusinza.

Sandra anasuzumira pakhomo. "Ndithandize, achemwali?"

"Eya," anatero Ellen osatembenuka. "Tenga kampando kakoka upite nako kukhitchini. Muno mpando umodzi ukukwana."