Mbamu ya a Gizachew

Belu la nkhomaliro litangolira, a Gizachew, kapitawo wa pa famu ya maluwa, anatulukira kuseri kwa shedi atanyamula mbale ya injera, chakudya cha kumeneko chonga mkate wopyapyala, akumwetulira ngati mkamwini watsopano. Amayi odula maluwa anali atakhala kale pansi pa mtengo, ndipo aliyense anaweramira chakudya chake.

"Lero agwa ndani?" ananong'ona Lensa, akusisita mimba yake imene inali itayamba kuonekera.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anayankha mnzake Emebet, kenaka anatsokomola mpaka misozi.

Kapitawo wakale ankatukwana, koma wotukwana umatha kukamuneneza ku ofesi. A Gizachew sankakweza mawu. Iwo ankakulunga mbamu ya injera ndi ndiwo n'kumudyetsa munthu m'kamwa ndi dzanja lawo, monga achitira abale okondana. Mbamu yotereyi, imene amaitcha gursha, sakana, wokana wanyoza mwini dzanja pamaso pa anthu. Tsono wolandira mbamuyo ndi amene ankapemphedwa, mwaulemu wonse, kukadula maluwa m'shedi yongopoperedwa kumene mankhwala. Ukakadandaula ukanena kuti chiyani? Akundidyetsa?

Mbamu zambiri zinkathera mwa Emebet, chifukwa anali wa manja achangu komanso wamanyazi. Tulo anali atasiyana nato kalekale. Kuchipatala anali atamuuza mosapsatira kuti chifuwa chakecho sichipiriranso mankhwala ena.

"Emebet, mlongo wanga!" anatero a Gizachew, akunjuta pambali pake. "Dzulo lomweli ndawauza abwana kuti popanda iwe famu ino yatha. Tayasamula."

Emebet anayang'ana mbamuyo, msuzi ukudontha pakati pa zala. Yankho anali ataliloweza njira yonse pobwera, komabe linatuluka movutikira.

"Pepani bambo, ndakhuta."

Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa.

"Wakhuta? Ha, ndiye kuti dzanja langali lanunkha lero," anaseka a Gizachew. "Palibe mlandu, mlongo wanga, ine sindikakamiza munthu. Kungoti galimoto yotengera maluwa ku bwalo la ndege siidikira. Maluwa a m'shedi ya kumtunda ayenera kudulidwa basi."

Dzanja lija linayendayenda m'malere. Linadumpha asuweni awo awiri a kapitawoyo, amene chiyambire sanalaweko mbamu yotere, n'kukaima pamaso pa Lensa.

"Lensa, mwana wanga, iwe ukudyera anthu awiri. Landira."

Lensa akanakana bwanji? Ntchito anali atangoipeza kumene, ndipo mwamuna wake ankangokhala pakhomo. Anayamba kuyasamula.

"Bweretsani kuno," anatero Emebet.

"Si wati wakhuta iwe?"

"Njala yabweranso."

A Gizachew anakondwa kuchokera pansi pa mtima, ndipo n'zimene zinkapweteka kuposa zonse: iwo ankakhulupiriradi kuti ndi munthu wabwino.

"Mwaonatu amayi? Uyu amachita kufuna yekha. Muzitengerako chitsanzo."

Emebet anatafuna pang'onopang'ono, akulimbana ndi chifuwa chimene chinkafuna kubweza chakudyacho. Lensa anamugwira chala osamuyang'ana, misozi ikugwera m'mbale.

Belu litaliranso, Emebet anamanga mpango wake kumphuno n'kulunjika ku shedi ya kumtunda. Chikwangwani chofiira choletsa kulowa chinali chikadali pachitseko, ndipo a Gizachew anamutsegulira okha.