Msonkhano wa pa Sabata

Chidziwitso chinatuluka mu nyuzipepala Lachitatu, pakona pa tsamba, pansi pa otsatsa matayala. Msonkhano womva maganizo a anthu pa za fakitale yogaya mitengo yopangira mapepala: Loweruka, 10 koloko m'mawa, mu holo ya hotela ina m'tauni. Ndinawerenga kawiri, mtima ukuwira. Loweruka!

Mbali yathu ino ya Lilayi, pafupifupi nyumba iliyonse ndi ya mpingo wa Sabata. Tinagula mapuloti moitanizana kutchalitchi, ndipo tonse timamwa madzi a m'zitsime zokumba tokha. Pansi pano ndi miyala yamphako. Chimene wataya lero, mawa chili mu ndowa ya mnzako. Fakitaleyo ankafuna kuimanga kumtunda kwathu, pamodzi ndi madamu ake a madzi oipa. Miyezi inayi tinakhala tikulemba makalata okana mpaka zala kuwawa. Koma a boma oona za chilengedwe anali atanenetsa kuti chowerengedwa ndi chimene chidzalankhulidwe pamsonkhano. Pakapanda woimirira n'kukana, alemba kuti anthu avomera.

Ndinathamangira kwa a Meshack Lukonde, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene sathyola ngakhale tsamba la repu dzuwa likalowa Lachisanu.

"Ba elder, manje tizachita bwanji? Manzi yatu yapita."

"Ba Peggy, Sabata ni Sabata. Nalemba kalata kuti bachinje siku. Ngati bakana, tizapempela."

"Bazayankha pa Monday, zonse zitasila!"

A Lukonde ankangopukuta magalasi oyera kale.

Loweruka ndinavala za kutchalitchi, Baibulo m'chikwama, ndisakudziwa komwe miyendo inditengere. Pageti la tchalitchi nyimbo yoyamba inali itayamba. Amayi anzanga a m'gulu la Dorika anandikodola kuti ndifulumire. Ndinawadutsa n'kukaima pamsewu, ndipo maso awo ndinkawamva pamsana. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinali ndisanakwerepo minibasi yopita m'tauni pa Sabata. Ndinkaopa Mulungu, sindibisa, ndipo ndinkaopanso pakamwa pa amayi aja.

Pa msika wa Kamwala tinaima nthawi yaitali pakati pa mawilibala ndi onyamula mabelo a nsalu. Ndinafika kuhotela nthawi itapitirira kale. Nditasuzumira pachitseko ndinaona mipando yoposa zana, anthu osakwana makumi awiri, onse achilendo, ena atavala zisoti za kampani. Wa ku Lilayi panalibe ndi mmodzi yemwe.

Pakhomo panali tebulo ndi buku lolembamo maina. Wokhala patebulopo anali Jason, mwana wanga woyamba, amene amakhala ku Woodlands. Ankandiuza kuti amagwira ntchito mu ofesi ya alangizi a makampani, koma sananenepo kuti ndi makampani ati.

Anaimirira mpando n'kugwa.

"Mami! Mwabwela kuchita chani kuno? Lelo ni Sabata."

"Nanga iwe?"

"Ni nchito, mami. Bwelelani kunyumba, napapata. Muzanichosesa nchito."

Eni fakitale ndi anthu a kunja. Sangadziwe kuti kumsewu wafumbi wa ku Lilayi ndani amapemphera liti. Zimenezo angazidziwe ndi munthu wokulira pakati pathu, woti ankatunga madzi m'chitsime changa Lachisanu masana kuti Loweruka tisagwire chingwe.

"Jason, ni ndani anasankha siku iyi?"

Anayang'ana cholembera chimene chinali m'manja mwake.

"Nenze niziba kuti simungabwele," anatero motsitsa mawu. "Nenze kufuna chabe kuti zipite bwino, kopanda chongo."

Mkwiyo umene ndinabwera nawo unali wokwiyira alendo, ndipo unali wopepuka. Uwu wa mwana wanga unali wolemera. Ndinkafuna kumumenya mbama pomwepo, ndinkafunanso kulira.

M'katimo wapampando, bambo wa boma, anali akusonkhanitsa mapepala ake. Ndinamumva akufunsa pa maikolofoni ngati alipo wotsutsa, mawu a munthu amene akuganiza kale za chakudya chamasana.

Ndinalanda cholembera m'manja mwa mwana wanga n'kusaina m'bukumo. Anandigwira mkono, ndinamusasa. Ndinayenda pakati pa mipando yopanda anthu.

"Nilipo. Nikana. Ndise bambili bokana, bali ku church."

Wapampando anakwinya nkhope n'kukodola mlembi. Mlembi anafunsa dzina.

"Peggy Mulubwa, wa ku Lilayi."

Mlembi analeka kulemba. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kukhomo, komwe Jason anali chiimire ndi dzina lomwelo la Mulubwa pa baji ya pachifuwa. Mzungu wina wa kampani nayenso anatembenuka.

"Lembani," ndinatero. "Ni mwana wanga uja. Lembani kuti nakana."