Nthenga za Phiko Limodzi

Amuna anga apanga mivi ya bango zaka makumi atatu, m'kachipinda kakuseri kamene kamadontha pakona mvula ikagwa. Bango amaliyanika chaka chathunthu, kenako amaliwamba pa mbaula mfundo ndi mfundo n'kumaliwongola pabondo. Akatero amatsinzina diso limodzi, linalo n'kuyang'ana ngati muviwo wawongoka. Ndiye taonani tsoka, maso omwewo ndi amene anayamba kuchita mdima. Adokotala anati sadzachira. Iwo anati adokotalawo ndi mwana wadzulodzuloli.

Mivi inayamba kutuluka yokhota. Mayi wina wophunzitsa anthu kuponya mivi, kasitomala wathu wakalekale, anabweza khumi ndi iwiri. Anandipatsira pageti, akuyang'ana pansi.

Sindinawauze bambowo. Achimwene awo atasiya ukalipentala anakhala pampando pakhomo, chaka chisanathe tinakawaika. Ine mpando umenewo ndinkauopa kuposa njala.

Basi ndinayamba kuba ntchito. Masana aliwonse akagona, ine pa mbaula, kuwongola zomwe iwo awongola kale. Zala zinapsa, utsi m'maso, koma mayi uja anasiya kubweza. Bambowo n'kumadzitama patebulo: "Mwaona? Diso langa likadali lakuthwa."

Tsiku lina muvi unakhotera kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi nthenga, ndipo pouwamba nthenga imodzi inapsa. Pashelefu pali zitini ziwiri za nthenga za nkhukundembo. Zaka zonsezi ndinkangoti ndi makani awo, munthu wosunga chinthu chimodzi m'zitini ziwiri. Ndinatola m'chitini chapafupi, kumata, kukulunga ulusi bwinobwino. Ngakhale inu simukanazindikira.

Atadzuka anayamba kulonga mivi m'thumba, chala chikudutsa pa nthenga za uliwonse. Pa muvi ndinamata nthenga uja chala chinaima.

"Mayi, bwerani kuno."

Ndinapita ndikupukuta manja ouma kale.

"Nthenga ziwirizi ndi za phiko lamanzere. Iyi ndi ya lamanja. Zimapindikira kosiyana, muvi wotere umayenda ngati woledzera. Ine ndingamate chonchi, ngakhale nditamwalira?"

"Mwina munasokoneza zitini."

"Musandipusitse. Ndipatseni dzanja."

Anandigwira zala, napeza zipsera zonse. Ndinkadikira kuti akalipe. Ndinkafuna akalipe, Mulungu akudziwa, chifukwa munthu wokalipa amakhala akadali ndi moyo.

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi."

"Yokhota inali ingati?"

Ndinalephera kunama. "Yonse, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga kapu ya madzi n'kuthira pa mbaula, makala n'kuti tswii. M'mawa mwake anatulutsa mitolo yonse ya bango, la chaka chathunthu lija, n'kupatsa aneba kuti aimikire matimati awo. Kenako anakokera mpando pakhomo.

Koma ine ndinali nditabisako mtolo umodzi. Dzulo ndinayatsa mbaula pafupi ndi iwo dala, ndikuwamba bango mpaka kununkha kupsa, ndikuthyola mfundo kuti thyo, pafupi ndi khutu lawo. Kale akanandithamangitsa m'chipindamo ndi mawu. Ndinathyola lachiwiri, lachitatu, misozi ili chuchuchu.

"Simukumva kuti ndikuwononga bango lanu?"

Sanatembenuke n'komwe.

"Samalani zala, mayi," anatero. "Moto umenewo ndi wambiri."