Mbalame Pansi pa Velo

Mwana wake atakwatiwa n'kusamuka, mayi wosoka madiresi anatsala yekha ndi makina ake komanso zidutswa za velo yaukwati. Loweruka lina anatenga kansalu kopyapyala kaguluu, komata nsalu pamodzi kakasitidwa ndi simbi, n'kupentapo mbalame zobiriwira. Penti itauma, anakayala pansalu yakuda ndi kukaphimba ndi velo ija. Atasita koyamba, simbi inatentha kwambiri, velo n'kukwinyika ngati chikopa. Kachiwiri anasita atayalapo pepala, ndipo mbalame zinamata bwinobwino, zikuoneka ngati zili m'nkhungu.

Anaimbira mwana wake foni. "Mwanawe, ukanaona zomwe ndapanga!"

"Amayi, ndili m'basi, ndikuimbirani ndikafika."

Anadikira mpaka simbi inazizira. Kenako anapachika nsaluyo pawindo, kuti mwina odutsa aione.